Mbiri ya agogo amene ntchito yawo sinalembedwe m'kaundula aliyense

Funso: Agogo anga aakazi atisiya ali ndi zaka 93. Kwa zaka zoposa 50 ankagwira ntchito zongodzipereka: kuyendera odwala, kuperekeza amayi oyembekezera kuchipatala, kuphunzitsa ana kuwerenga, kusonkhanitsa thandizo wina akagwa m'mavuto. Sanalembedwepo ntchito yolipidwa. Abale andisankha kuti ndilembe mbiri yawo, ina yoti iwerengedwe pa tsiku lowakumbukira, ina yoti tisunge. Ndayesa, koma zikungotuluka zoti anali okoma mtima ndi okonda anthu, kenaka chiwerengero cha ana ndi zidzukulu. Ndikawerenga sindikuwaonamo agogo anga, ndipo nthawi zina misozi imandilepheretsa kupitiriza. Ndiyambire pati?

Yankho: Pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya agogo anu. Ena akamva zaka 93 amafulumira kunena kuti anakula, apumule, ngati kuti kuchuluka kwa zaka kumachepetsa ululu wa otsala. Inu chibadwire simunaonepo dziko lopanda iwo.

Chimene chakuimitsani si kuchepa kwa luso la kulemba. Mwakhala pansi ndi pepala musanasonkhanitse zoti mulembe, ndipo zinthu zenizeni zikasowa, dzanja limathamangira mawu amene amanenedwa pa maliro alionse: okoma mtima, odzichepetsa, okonda anthu. Mawuwo ndi oona, koma amakwana agogo a wina aliyense. N'chifukwa chake simukuwaonamo anu.

Munthu amene anagwira ntchito yolipidwa amasiya mapepala m'mbuyo mwake: kalata yomulemba ntchito, chaka chimene anakwezedwa pa udindo, malo amene anasamutsidwirako, tsiku limene anapuma. Wolemba mbiri yake ali ndi poyambira. Wodzipereka ngati agogo anu sasiya zimenezo. Palibe amene analemba usiku umene anachezera pambali pa wodwala wosakhala m'bale wawo. Lipoti la mu 2018 la nthambi ya United Nations yoona za anthu odzipereka linayerekeza kuti ntchito yongodzipereka pa dziko lonse ikufanana ndi ya anthu 109 miliyoni ogwira ntchito tsiku lathunthu, ndipo magawo 70 pa 100 alionse a ntchitoyo sadutsa m'bungwe lililonse, ndi munthu kuthandiza munthu mnzake mwachindunji. Chaka chomwecho bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linalengeza kuti tsiku lililonse pa dziko lapansi pamagwiridwa maola oposa 16 biliyoni a ntchito yosamalira ena popanda malipiro, ndipo magawo atatu mwa anayi a maolawo ndi a amayi. Agogo anu ali m'kati mwa ziwerengero zimenezi, ngakhale dzina lawo mulibe. Mbiri yawo ilipo ndithu, koma yagawikana mwa anthu amene anawatumikira, aliyense wasunga kachidutswa kake. Choncho ikani kaye pepala pansi, muyambe ndi kuyenda.

Yambani ndi okalamba kwambiri. Ngati pali mnzawo wa msinkhu wawo, mng'ono wawo, mlamu wawo kapena wina amene anakulira nawo limodzi, ameneyo mumuone sabata ino. Munthu wa zaka za m'ma 80 kapena 90 amene akukumbukira bwino lero akhoza kudwala mwezi wamawa, ndipo zimene akudziwa za utsikana wa agogo anu palibenso wina akuzidziwa. Mukatero pitani kwa amene ankagwira nawo ntchito zodziperekazo, kenaka kwa amene anathandizidwa. Ana awo obereka akhale omaliza. Ndawaika kumapeto dala: iwo amadziwa mayi wa panyumba, ndipo kawirikawiri amadabwa akamva zimene mayi yemweyo ankachita akatuluka pakhomo. Mukafika kwa iwo mutanyamula kale nkhani zakunja, macheza ake amazama, chifukwa nawonso amayamba kukumbukira masiku amene mayi awo ankabwera usiku osanena kumene achokera.

Posankha oti muwafunse, pali chinthu chimodzi chokhudza ubongo chimene chingakuthandizeni. Mu 1986 katswiri wa za maganizo David Rubin ndi anzake anaonetsa kuti munthu wachikulire akamakumbukira moyo wake, zambiri zimachokera pa nthawi imene anali ndi zaka pakati pa 10 ndi 30. Choncho anzawo a agogo adzakufotokozerani bwino za ubwana ndi ukwati wawo, koma za zaka 20 zapitazi akhoza kuzisakaniza, ndipo musakhumudwe nazo. Amene adzakupatseni chithunzi chowala cha agogo ali pa ntchito ndi munthu amene anali wachinyamata pa nthawiyo. Mayi amene anaperekezedwa kuchipatala ali ndi zaka 19, ali ndi mimba yoyamba ndiponso mantha, lero mwina ali ndi zaka 60, koma akhoza kukuuzani zimene agogo anavala, zimene ananena panjira ndi mmene anawalankhulira anamwino. Anthu oterewa muwasake mwakhama.

Mufunenso munthu mmodzi amene anasemphanapo nawo maganizo. Palibe amene angatumikire anthu zaka 50 osakanganapo ndi wina: woyang'anira gulu, wogwira ntchito kuchipatala, bambo amene ankakaniza mkazi wake kukalandira thandizo. Anthu amenewa, akalankhula mwaulemu, ndi amene amafotokoza bwino kulimba mtima kwa malemu, chifukwa anakukhudza okha. Ngati anthuwo ndi ambiri ndipo ali kutali, gawanani ndi azisuweni anu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchitoyi ikagawidwa imawapatsa nawonso mpata wolira.

Tsopano kafunsidwe, pamene pagona zonse. Funso loti "Agogo anali munthu wotani?" musalifunse. Limakubwezerani mawu omwe aja amene mwatopa nawo. Funsani za tsiku, malo ndi zochita. Munakumana nawo koyamba kuti, ndipo panachitika chiyani? Ankafika nthawi yanji, atanyamula chiyani? Akalowa m'nyumba ya wodwala, choyamba ankachita chiyani? Mwana akalephera kuwerenga liwu, ankatani? Munawaonapo atakwiya, ndipo chinawakwiyitsa n'chiyani? Ankaseka bwanji? Ndi mawu ati amene ankakonda kubwereza? Munthu akakuyankhani kuti anali achifundo, mumuyamike, kenaka munene kuti, "Ndiuzeniko tsiku limodzi limene munaona chifundo chawocho." Akakhala chete, inunso khalani chete. Ambirife timaopa bata, timafulumira kuponya funso lina, pomwe nthawi imeneyo ndi imene munthu akusankha ngati angakuuzeni chinthu chimene sanauzepo wina. Mudikireni.

Samalani kuti musaike yankho m'kamwa mwa munthu. Mu 1974 ofufuza Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa anthu kanema wa ngozi ya galimoto, n'kuwafunsa za liwiro la galimotozo. Ena anafunsidwa ndi mawu ofatsa, akuti galimoto zinagundana, ena ndi mawu amphamvu, akuti zinaphwanyana. Ofunsidwa ndi mawu amphamvu anatchula liwiro lokwera. Patatha sabata, 16 mwa 50 a iwo anati anaona magalasi osweka, pamene mwa ofunsidwa mofatsa aja amene anatero anali 7 okha. M'kanemamo munalibe galasi losweka. Ngati liwu limodzi lingasinthe zimene munthu akukumbukira pa nkhani ya galimoto za anthu osawadziwa, nanga bwanji pa nkhani ya munthu amene ankamukonda, akufunsidwa ndi mdzukulu wofedwa amene safuna kumukhumudwitsa? Mukafunsa kuti, "Si zoona kuti agogo sankatopa?" adzavomera. Mukafunsa kuti, "Akatopa ankaoneka bwanji?" mudzamva zoona, ndipo zoonazo ndi zimene zimagwira mtima.

Jambulani mawu ndi foni, mutapempha chilolezo ndi kufotokoza kumene mawuwo akupita. Poyamba pa kujambula tchulani tsiku ndi dzina la wolankhula, chifukwa pakadutsa zaka simudzakumbukira kuti liwulo ndi la yani. Musamutopetse munthu wokalamba. Bungwe la StoryCorps la ku America, lojambula macheza a anthu wamba okamba za moyo wawo, limene Dave Isay anayambitsa mu 2003 ndipo zojambula zake zimasungidwa ku laibulale yaikulu ya dzikolo, Library of Congress, limapatsa anthu awiri mphindi 40 zokha zocheza, ndipo mphindi zimenezo zimakwana kutulutsa zakuya. Kubwerera kawiri kumaposa kukhala maola atatu tsiku limodzi, makamaka chifukwa mukachoka, munthu amagona akuganizira, m'mawa n'kukumbukira zina. Aliyense mucheze naye payekha poyamba. Pagulu, wolankhulitsa amaphimba anzake, ndipo nkhani yake imasanduka ya onse. Musaganizenso kuti mukuwavutitsa okalambawo powafunsa. Mu 1963 dokotala wa matenda a maganizo Robert Butler analemba kuti kubwereza za m'mbuyo ndi ntchito yachibadwa ya ukalamba, njira imene munthu amasanjira moyo wake, pa nthawi imene ambiri ankakuyesa chizindikiro cha kufooka kwa nzeru. Mnzawo wa agogo amene wataya munthu womaliza womudziwa ali mtsikana ali ndi njala yolankhula, ndipo inu mukumupatsa khutu.

Zaka zidzakuvutani. Munthu akanena kuti "kalekale", musamukakamize kutchula chaka, chifukwa adzangotchula china chilichonse kuti akusangalatseni. Mangirirani nkhaniyo ku zinthu zodziwika: mwana wanu woyamba anali atabadwa? Agogo aamuna anali moyo? Munkakhala nyumba iti? Zochitika za dziko lonse zimathandizanso. Munthu wa zaka 93 anabadwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1930, ndiye kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha mu 1945 anali mtsikana wozindikira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kutha kwa nthomba mu 1980. Matenda a Edzi anayamba kulembedwa ndi madokotala mu 1981, ndipo mankhwala amphamvu ophatikiza anadziwika mu 1996, n'kutenganso zaka kuti afike kwa anthu ambiri. COVID-19 inalengezedwa kuti ndi mliri wa dziko lonse mu March 2020. Aliyense amene anayendera odwala kwa zaka 50 zapitazi anadutsa m'nyengo zimenezi, ndipo funso loti "Nthawi imene anthu ankaopa kugwira odwala, iwo ankatani?" likhoza kukutsegulirani mutu wonse. Pamene chaka sichikudziwika, lembani kuti "cha m'ma 1970". Pamene anthu awiri afotokoza mosiyana, m'mbiri yosungidwayo lembani zonse ziwiri ndi kutchula amene ananena. Musasankhe imene ikukoma kwambiri n'kuisandutsa choonadi, chifukwa zidzukulu zanu zidzaitenga ngati mwala.

Pali mawu ena amene mudzawamve kangapo: "Sankachita zambiri, ankangobwera n'kukhala nane." Wolankhulayo adzanena ngati akupepesa kuti alibe nkhani. Mawu amenewa musawadumphe. Mu 2006, ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala nawo pa benchi panja pa chipatala, ntchito imene imadziwika kuti Friendship Bench. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA anatsatira anthu 573 m'zipatala 24. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anacheza pa benchipo pafupifupi 14 pa 100 ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi theka. Agogo a ku Harare aja anachita kuphunzitsidwa njira yothandizira munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi, ndiye sindikunena kuti kukhala pansi kulikonse ndi mankhwala. Koma phata la ntchitoyo ndi munthu wamkulu wodalirika amene wapereka nthawi yake ndi kumvetsera osaweruza. Ngati agogo anu ankachita zimenezi zaka makumi asanu popanda wowaphunzitsa, zilembeni ngati ntchito, ndi ulemu wonse umene mukanapatsa udindo wa muofesi. Funsani kuti ankakhala nthawi yaitali bwanji, ankalankhula kapena ayi, ankabweranso liti.

Apa ndichenjeze pa chinthu chimene ndimachiona cholemera kuposa zonse. Munthu wodzipereka amalowa m'nyumba za anthu pa nthawi imene ali ofooka: matenda amene banja linabisa, njala, nkhanza za m'banja, mimba ya mwana wasukulu, ngongole. Anthu ankatsegulira agogo anu chitseko chifukwa ankadziwa kuti sakanena. Chinsinsi chimenecho sichinathe ndi imfa yawo. Tsopano chafika m'manja mwanu, ndipo mukachiulula pofuna kuwatamanda, mwaphwanya chinthu chenicheni chimene chinawapanga kukhala odalirika. Aliyense amene wakuuzani nkhani yake mumufunse momveka: kodi iyi ndiiwerenge pagulu, ndiilembe m'kabuku kokha, kapena ikhale pakati pa ife awiri? Dzina lanu ndilitchule? Ngati nkhaniyo ikukhudza munthu wachitatu amene sanavomere, kapena amene anamwalira koma ana ake alipo, chotsani dzina ndi chilichonse chimene chingamuzindikiritse. Pakati pa anthu odziwana, kuchotsa dzina kokha sikukwana, chifukwa kungonena chaka ndi chiwerengero cha ana, onse adziwa kale. Nkhani zina zokoma kwambiri mudzazisiya osazilemba. Zimapweteka wolemba, koma zisiyeni.

Nanga zofooka zawo? Ambiri amaganiza kuti kulemekeza malemu ndi kufufuta chilichonse chosasalala. Ine ndimaona mosiyana, makamaka pa mbiri yosungidwayo. Kudzipereka kuli ndi mtengo, ndipo kawirikawiri amalipira ndi a panyumba. Mwina pali mwana wawo amene anamva kuti mayi ake anali a aliyense kupatula iye. Mwina agogo anali ouma mutu, osamva zoti apume, ofulumira kudzudzula. Mwina panali zaka zimene anasiya zonse chifukwa cha chisoni kapena kukhumudwa ndi anthu, kenaka n'kuyambiranso. Zimenezi sizichepetsa ulemu wawo, ndipo kwa ana amene adzawerenge zili ndi phindu lake. Ofufuza Marshall Duke ndi Robyn Fivush a ku Emory University ku America anakonza mafunso 20 oyesera zimene ana amadziwa za mbiri ya banja lawo, monga kumene agogo awo anakulira ndi mavuto amene banjalo linadutsamo. Anapeza kuti ana odziwa zambiri ankadzidalira kwambiri ndipo anali ndi nkhawa zochepa. Izi sizitsimikizira kuti kudziwa mbiri pakokha ndiko kumalimbitsa mwana, chifukwa banja lofotokozerana nkhani limakhalanso banja lokhalira limodzi. Koma a Duke anawonjeza mfundo imene ndimagwirizana nayo: nkhani ya banja imene imathandiza kwambiri ndi imene ili ndi zokwera ndi zotsika, yonena kuti tinagwapo, tinadzuka, tinakhalabe pamodzi. Mdzukulu amene wauzidwa kuti agogo anali angwiro amangowasirira chapatali. Amene wauzidwa kuti nawonso ankatopa, ankalira, ankalakwitsa, koma m'mawa ankanyamukabe, amaona kuti iyenso angathe. Malire ake ndi akuti musagwiritse ntchito mbiri pobwezera kapena kutsegula mkangano wa anthu amoyo. Chimene chikukhudza mwana wawo, mumuwerengere iyeyo poyamba, ndipo mawu omaliza akhale ake.

Musaiwalenso kuti asanakhale agogo anali mwana, anali mtsikana, anali mayi wachitsikana wosadziwa chochita. Mbiri zambiri zimadumpha kuchokera pa tsiku lobadwa kufika pa ukwati m'chiganizo chimodzi. Funsani dzina limene makolo awo ankawaitana nalo, sukulu anafika nayo pati ndipo chinawaimitsa n'chiyani, ankalakalaka kudzakhala ndani. Koposa zonse funsani chimene chinayambitsa kudziperekako. Nthawi zambiri pamakhala tsiku lake: imfa imene inachitika chifukwa panalibe woperekeza, thandizo limene iwo analandira ali pa mavuto, kapena munthu wamkulu amene anawatenga ulendo woyamba. Mukapeza chiyambi chimenechi, mbiri yonse imaima pa miyendo yake, ndipo ntchito zosiyanasiyana zija zimaoneka kuti zinali chinthu chimodzi.

Mukasonkhanitsa, lembani ziwirizo mosiyana. Yowerengedwa pagulu ikhale yaifupi, mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, ndipo muziyeze ndi wotchi mukuwerenga mokweza. Zofunika za kubadwa, banja ndi ana zinenedwe mwachidule, kenaka musankhe nkhani zitatu zokha, zochokera m'nyengo zosiyana za moyo wawo. Kusankhako n'kowawa, koma anthu omvetsera sasunga nkhani khumi. Paliponse pamene mwalemba khalidwe, yesani kuikapo chochita. M'malo mwa "ankakonda kuthandiza odwala", chiganizo chikhoza kukhala chonga ichi: "Akamva kuti wina wagonekedwa m'chipatala ndipo alibe womudikirira, ankatenga chofunda chawo n'kunyamuka, osafunsa kuti ndi mwana wa yani." Chimenechi ndangopeka kuti muone kusiyana, chanu chichokere kwa mboni. Omvetsera akamva chochita, mawu oti chifundo amadzinenera okha mumtima, ndipo amawakhulupirira kwambiri chifukwa sanachite kuuzidwa. Ikanimo mawu amodzi kapena awiri a agogo eni ake, m'kalankhulidwe kawo, osawakonza kuti amveke a m'buku. Ngati ankanena zoseketsa, ikanimo, anthu aseke. Chiwerengero cha ana ndi zidzukulu chitsimikizeni ndi anthu awiri, ndipo amene anatsogola atchulidwe, chifukwa palibe chimene chimapweteka banja pa tsiku lotere ngati dzina loiwalika.

Ndikupemphani kuwonjezamo chiganizo chimodzi chimene mbiri zambiri za odzipereka sizikhala nacho: ntchito zimene zatsala popanda mwini. Ngati pali ana amene ankabwera kudzaphunzira, kapena okalamba amene ankayenderedwa, nenani poyera kuti ntchitozo zilipo, osaloza munthu. Pa tsiku limenelo anthu onse amene anawakonda ali pamodzi, ndipo mwina sadzasonkhananso chonchi.

Za misozi imene mwanena, musalimbane nayo. Kale akatswiri ambiri ankaphunzitsa kuti kuchira pa chisoni ndi kudula chingwe ndi womwalirayo. Mu 1996 Dennis Klass, Phyllis Silverman ndi Steven Nickman anasonkhanitsa umboni wosonyeza kuti anthu ambiri ofedwa amapitiriza ubale ndi malemu m'njira yatsopano, pokumbukira, polankhula za iwo, pofunsa mumtima kuti akanatani, ndipo zimenezi si matenda. Kulemba mbiri ndi imodzi mwa njira zimenezo. Lembani pang'onopang'ono, misozi ikabwera imani, mubwererenso mawa. Pa tsikulo pakhale wina pambali panu amene wawerengapo kale pepalalo, kuti mawu akakutsamwani apitirize. Kulira pamaso pa anthu sikuwononga mbiri. Chokhacho chimene muyenera kuyang'anira ndi ichi: ngati patadutsa miyezi yoposa isanu ndi umodzi chisoni chikadali champhamvu tsiku ndi tsiku moti simukutha kugona, kugwira ntchito kapena kukhala ndi anthu, kaonaneni ndi a zaumoyo. Bungwe la WHO linaika chisoni chotalika chotere m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo chithandizo chake chilipo. Yang'aniraninso ana a agogowo, amene nawonso ndi achikulire ndipo kawirikawiri amalira mobisa.

Mbiri yosungidwayo ilibe tsiku lothamangira, itengereni miyezi. Itsatire zaka mwa dongosolo, koma pamene pali zambiri khalanipo, pamene palibe dutsani. Mawu a anthu muwalembe monga anawanenera, ndi mayina a amene avomera. Zithunzi zakale zionetseni kwa okalamba aja adakali ndi maso, akuuzeni amene ali pa chithunzi chilichonse, ndipo mayinawo muwalembe kumbuyo ndi pensulo yofewa, chifukwa inki ya cholembera imatha kulowerera n'kuwononga chithunzi. Pozijambula ndi foni, chitani masana pamthunzi, osayatsa nyali ya foni. Mukamazitumiza pa WhatsApp, zitumizeni ngati chikalata, chifukwa zikapita ngati chithunzi wamba zimachepetsedwa ndipo sizisindikizika bwino. Jambulaninso zinthu zawo zogwirira ntchito: chikwama, kope la mayina ngati ankasunga, zolemba za dzanja lawo. Kope la mayina a odwala, ngati lilipo, lisalowe m'kabuku ndipo lisayende pa foni.

Mawu ojambulidwa asakhale m'foni imodzi. Foni imagwa, imabedwa, imagulitsidwa. Sungani m'malo atatu: pa kompyuta kapena pa flash, pa intaneti, ndi kwa m'bale wina wokhala nyumba ina. Kabuku kosindikizidwa pa pepala kakhalepo ndithu, ngakhale masamba ochepa, chifukwa pepala silifuna batire kapena nambala yachinsinsi kuti litseguke pakadzatha zaka 30. Nthambi iliyonse ya banja ilandire kake, ndipo kena mupereke ku gulu limene agogo ankagwira nalo ntchito ngati lilipo. Pa tsamba lomaliza lembani dzina lanu, chaka chimene mwalemba ndi mayina a onse amene munacheza nawo, ndipo musiye masamba awiri kapena atatu opanda kanthu, chifukwa mbiri ikangowerengedwa pagulu pamabwera anthu ena ndi nkhani zimene simunazimve.